Mutu 5: Nkhope ya Pachikuto

1. Buku ndi Windo

Pasukulu ya Mzime panalibe mwana amene sankamudziwa Mtsikana wa Nyali. Nthano yake inali m'buku lowerenga la chaka choyamba, ndipo makolo ambiri anaiwerenganso ali ana. Inkanena za mtsikana wa kudziko lozizira amene bambo ake anapita kunkhondo. Madzulo aliwonse iye ankaima pamlatho atanyamula nyali kuti bambowo akamadzabwera asadzaphonye njira. Anaima choncho zaka zitatu, anthu akumuseka, mpaka tsiku lina munthu wotsimphina anatulukira kutsidya.

Chaka chilichonse, temu yomaliza ikamatha, gulu la zisudzo linkachita sewero la nthanoyi m'holo, makolo atadzaza mpaka pakhomo. Mtsikana aliyense wa m'gululo ankalakalaka kudzanyamula nyali imeneyo.

Mzime anali m'chaka chomaliza, choncho mwayi unali womwewu. Kunyumba ankamutchula kuti Mzime chifukwa anali wotsiriza kubadwa. Amayi ake anamwalira iye ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ankakhala ndi bambo ake, omwe anali kalipentala, ndipo m'kanyumba ka kuseri munkakhala achimwene ake ndi akazi awo. Kusukulu anyamata ena ankamuitana kuti Mwaye, poti khungu lake linali lakuda bii.

Zaka zitatu zonse Mzime anali m'sewerolo. Chaka choyamba anali mtengo. Chaka chachiwiri ankagwedeza nsalu ya mtsinje. Chaka chachitatu anali nkhalamba yogulitsa buledi, ya mawu asanu okha. Koma mawu a Mtsikana wa Nyali ankawadziwa onse pamtima, ndi popumira pomwe.

Vuto linali kasankhidwe. Pasukulupo panali Mayi Telala, amene anasoka zovala za sewerolo kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Tsiku losankha likafika, iwo ankandandalika atsikana pawindo lalikulu la m'holo, pamene pankalowa dzuwa. Kenako ankatenga buku lija n'kumaliika pafupi ndi tsaya la aliyense. Pachikutopo panali chithunzi cha mtsikana woyera, watsitsi lachikasu. Amene khungu lake layandikirako ku chithunzicho ndiye ankapatsidwa nyali, pamodzi ndi wigi yachikasu imene inkasungidwa m'chitini cha mabisiketi.

Aphunzitsi ankabwera n'kumapita, koma buku ndi windo sizinkasintha.

2. Zimene Anamva Kuseri kwa Katani

Lolemba lina, patatsala masabata asanu kuti sewero lichitike, mphunzitsi watsopano wa zisudzo, amene ana ankangoti Madamu, anauza atsikana kuti awerenge mawu a pamlatho mmodzimmodzi.

Woyamba anali Namasamu, mnzake wa Mzime wa padesiki. Dzinali anamupatsa ndi Mzime yemweyo chifukwa masamu ankachita ngati kumwa madzi. Anyamata ankamuti Kamzungu, poti bambo ake anali mlendo wochokera kutsidya kwa nyanja ndipo iye anabadwa woyera. Akachita mantha ankachita chibwibwi. Tsikuli anakakamira pa liwu loyamba, osapitirira.

Itafika nthawi ya Mzime, iye pepala analisiya pampando. Anaima pakati pa nsanja, anakweza dzanja lopanda kanthu ngati muli nyali, n'kunena kuti:

"Sekani, koma nyali iyi sindizimitsa. Munthu wa paulendo sadziwa ngati kwawo akumuseka kapena akumulira. Iye amangoona kuwala, basi miyendo n'kupeza mphamvu."

M'holo munangoti zii. Ngakhale bambo wosesa anaimitsa tsache.

"Ukaipa dziwa nyimbo, Mwaye," anatero mnyamata wina kumbuyo, anzake n'kuseka. Madamu anamulozera mnyamatayo pakhomo.

Ana ena atapita, Mzime ndi Namasamu anatsala kuti apinde makatani. Ali kuseri kwa nsanja anamva Madamu akulowa m'chipinda cha zovala.

"Mayi, mwamumva mwana uja," anatero Madamu. "Bwanji chaka chino tisankhe ndi makutu?"

"Makutu ndili nawo, ngakhale akalamba," anayankha Mayi Telala, makina akulirabe. "Koma makolo sabwera ndi makutu okha. Mtsikana wa Nyali amamudziwa ngati mwana wawo. Bukulo likunena poyera kuti tsitsi lake linali lachikasu."

"Likunenanso kuti kunkagwa chipale chofewa, ife timamwaza thonje. Mtsinje ndi nsalu yanu yabuluu ija. Bambo wotsimphina ndi mnyamata amene timamupaka choko m'ndevu zoti alibe n'komwe. Palibe kholo linadandaulapo. Nanga khungu lokhali ndiye lavuta?"

Makina anasiya kulira.

"Inu mwabwera dzulodzuloli, ndiye mundimvere," anatero Mayi Telala. "Chaka changa chachitatu pano kunabwera mphunzitsi wa maganizo ngati anuwa. Anasankha kamtsikana kakuda, kanzeru, mawu ngati belu. Diresi ndinakasokera ndekha, wigi ndinakaveka ndekha. Katani itatseguka, bambo wina kumbuyo anakuwa kuti, 'Nyali tikuiona, nanga mtsikanayo ali kuti?' Holo yonse inafa nacho chiseko. Kamwanako kanaima pamlatho osatulutsa liwu. Kenako kanaponya nyali pansi n'kuthawira muno. Kanabisala pansi pa makina angawa. Misozi ndinakapukuta ndine, osati mphunzitsi uja. Iye chaka chotsatira anasamuka, koma mwanayo sukulu anasiyira pomwepo. Tsiku limenelo ndinalonjeza pamaso pa Mulungu kuti sindidzaperekanso mwana wa munthu kwa afisi. Mukuganiza kuti ndimakondwa ndikamaika buku pamasaya a ana? Tandiyang'anani, ndine woyera ine? Koma anthu ndimawadziwa. Lamulungu amaimba bwino, koma akakhala kumbuyo m'holo, magetsi atazima, pakamwa pawo pamatuluka njoka."

"Ndiye analakwa tsiku limenelo ndi mwanayo kapena bamboyo?"

"Analakwa ndi bamboyo. Koma analira ndi mwanayo."

Kenako Madamu anati, "Ndikakamba ndi ahedi."

"Kakambeni. Ine Lachisanu la sabata yamawa ndidzaima pawindo."

Makina anayambanso kulira. Namasamu anakhala pansi pamulu wa makatani.

"Akasankha ine ndifa," ananong'ona.

"Ukulira ndi nyama m'kamwa iwe," anatero Mzime.

"Nyama yake iti? Akundisankhira nkhope ya munthu amene anathawa amayi anga ali ndi pakati. Ndikanatha, ndikanakupatsa khunguli, iwe n'kundipatsa pakamwa pakopo."

"Tikanasinthana lero lomwe," anatero Mzime, osaseka.

3. Kabotolo Kopanda Dzina

Mawa lake poweruka, Mzime anadzera kusaluni kwa alamu ake kukatenga kiyi. Saluniyo inali kachipinda kamodzi m'mbali mwa msewu: magalasi awiri, beseni lotsukira mutu, ndi makina oumitsira tsitsi amene ankalira ngati njuchi. Alamu anali oyembekezera, miyezi isanu ndi iwiri. Anali munthu wansangala, wopatsa, woti Mzime akasowa sopo ankathamangira kwa iwo. Nkhope yawo inali yoyera, koma m'mfundo za zala munali mwakuda.

"Mlamu wanga, nkhope yagwa bwanji ngati wadzudzulidwa ndi abusa?" anafunsa.

Mzime anafotokoza zonse: buku, windo, ndi Lachisanu.

"Basi zomwezo?" Alamu anapukuta manja, n'kutsegula kabati ya pansi pa beseni. Anatulutsa kabotolo kopanda dzina, kodzaza mafuta oyera onunkhira ngati mankhwala ochapira. "Awa ndi osakaniza. Amandipangira mayi wina wodziwa. Ena amadzola kamodzi patsiku kwa miyezi iwiri. Iwe uli ndi masiku khumi, ndiye uzidzola katatu. Akayamba kuyabwa usadandaule, ndiye kuti agwira."

Mayi wina wachikulire amene anali m'makina oumitsira tsitsi anasuzumira. "Ameneyo ndi mwana wa sukulu, musamuyambitse zimenezo."

"Inu bwezani mutu m'katimo, tsitsi lingaume mbali imodzi," anatero Alamu, akuseka. Kenako anatsitsa mawu. "Mlamu, ine sindikukufunira zoipa. Inenso ndinali ngati iwe. Ndinayenda m'masitolo asanu kufuna ntchito, konse ankayang'ana nkhope n'kunena kuti malo adzaza. Dzikoli sitinalipange ndife. Ukakana kuvina nyimbo yake, umangotsala pabenchi."

Mzime anayang'ana kabotoloko nthawi yaitali. Alamu anamuikira okha m'chikwama, pakati pa makope.

"Koma apongozi anga asamve. Ukudziwa mmene alili. Angandiwerengere malemba mpaka mwanayu kubadwa."

4. Mawu a Kalipentala

Shopu ya bambo a Mzime inali pakona ya msewu wawo, shedi ya malata yotseguka kutsogolo. Pansi panali utuchi wofika m'mapazi. Mzime anawapeza akupala thabwa la chitseko, pensulo ili kukhutu, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi monga ankachitira nthawi zonse.

Mzime anakhala pa benchi yosamalizidwa, chikwama atachikumbatira.

"Bambo, thabwa lakuda mutalipala kwambiri lingayere?"

"Lakuda ndi litsiro, kapena lakuda chibadwire?"

"Chibadwire."

Bambo anasiya kupala. Anamuyang'ana mwana wawo, kenako anatola kachidutswa ka thabwa lakuda pansi n'kumupatsa.

"Funso limeneli si la matabwa," anatero.

"Ndi la sayansi, Bambo."

"Chabwino, ndiyankha la sayansilo. Taona kathabwako podulidwapo. Kuda kwake kwafika mpaka m'kati. Ukhoza kupala tsiku lonse, udzangotsala ndi utuchi wakuda. Kale kunabwera bwana wina pano ndi tebulo la mtengo umenewu. Linali la agogo ake, lolemera, loti amuna anayi ankachita kubuula polinyamula. Akuti akazi awo aona matebulo oyera m'magazini, ndiye ndiliyeretse. Ndinakana. Anapita nalo kwa mnzanga wina amene sakana ntchito, n'kulithira mankhwala. Sabata yoyamba linayeradi, anthu n'kumayamikira. Mwezi usanathe linayamba mawangamawanga, kenako linang'aluka pakati. Anabwera nalonso kuno kuti ndilibwezere mwakale. Ndinawauza kuti, bwana, ine ndimatha kulumikiza chothyoka, koma chimene mwawotcha sindingachidzutse."

Anachotsa pensulo kukhutu n'kuiika patebulo.

"Tsono tamvera, mwanangu, poti amako kulibe, ndine bambo ndine mayi. Ine ndikapanga mpando, wina n'kubwera ndi sandipepa kumaukonzanso, ameneyo akundiuza kuti ntchito sindiitha. Iwe sunadzipange. Amene anakuumba sanali pachangu, ndipo utoto sunamuthere. Anakuyang'ana atamaliza, n'kukhutira. Amako anali akuda kuposa iwe. M'kwaya munali atsikana makumi atatu, ine ndinaona iwo okha, ndipo nthawi imeneyo maso anga anali asanayambe magalasi. Anthu adzakuuza zambiri. Ena adzakuuza mwachipongwe, amenewo savuta, umangowadutsa. Oopsa ndi amene adzakuuze mwachikondi. Ndikudziwa kuti sewero lija ukulifuna. Ndimakumva ukuloweza uku ukutsuka mbale. Akapanda kukusankha, ulire, kulira si tchimo, ndipo ine ndidzakhala nawe pomwepo. Koma usagule chinthu cha tsiku limodzi ndi nkhope yoti udzakhala nayo mpaka kumanda. Wandimva?"

"Ndamva, Bambo."

"M'chikwamamo muli chiyani chimene wachigwira ngati mwana wodwala?"

"Makope."

Bambo anamuyang'ananso. Sanali munthu wofufuza m'zikwama za ana. Anangoti, "Pita ukaphike tiyi," n'kubwerera ku thabwa lawo. Koma nyimbo ija sanaipitirize.

M'mawa mwake Mzime anagwada pambali pa bedi kuti apemphere monga mwa masiku onse. Anafika pakati n'kudzuka. Anatseka chitseko, anaimika kagalasi pawindo, n'kutsegula kabotolo kaja. Mafutawo anali ozizira pachala. Anayamba ndi tsaya lamanja, limene Mayi Telala ankakonda kuikapo buku.

5. Masiku Khumi

Tsiku lachitatu nkhope inayamba kuyabwa. Mzime anakumbukira mawu a alamu ake ndipo anakondwa.

Tsiku lachinayi, Loweruka, masaya anaoneka ofiirira. Alamu anamutembenuzira kudzuwa n'kuwomba m'manja. "Waona? Pofika Lachisanu buku lidzachita manyazi lokha."

Lamulungu Mzime anapita kutchalitchi atafunda mpango. Pobwerera, dzuwa linkamuotcha kumaso ngati wayandikira mbaula. Bambo atafunsa, iye anati dzino likumupweteka, n'kumanga mpangowo kuzungulira chibwano.

"Ndiye mawa tipite akalione," anatero Bambo.

"Layamba kale kuleka."

Bodza limodzi limabala linzake, ndipo ana ake sachedwa kukula. Mzime anayamba kudya yekha kukhitchini. Bambo akamachoka m'mawa, iye ankakhala kubafa. Akamabwera madzulo, ankamupeza atafunda bulangeti. Pemphero la pabanja ankayankhira Ameni ali kuchipinda.

Lolemba khungu linayamba kusupuka m'mbali mwa mphuno. Lachiwiri pamphumi panatuluka timatuza. Alamu ataona anagwira pakamwa.

"Siya kaye, mlamu. Ine sanandichitepo chonchi. Mwina magazi ako ndi ena."

"Kwatsala masiku atatu okha."

"Ndati siya. Bweretsa kabotoloko."

"Katha," anatero Mzime. Kanali kasanathe. Madzulo ake anadzolanso, misozi ikutsika ndi ululu, atadziluma mlomo kuti asamveke.

Lachitatu matuza anaphulika. Mzime anavala yunifolomu, anatuluka pageti bambo ake akuona, kenako anazungulira kuseri n'kukabisala m'kanyumba ka alamu ake. Sanapite kusukulu tsikulo, ngakhale linali tsiku lokonzekera sewero. Lachinayi anachitanso chimodzimodzi.

Masana a Lachinayilo kunamveka kugogoda. Anali Namasamu, amene anazungulira kuseri ataona kuti kunyumba yaikulu kulibe munthu. Alamu, amene anabwera kudzadya, anatsegula chitseko pang'ono.

"Mzime alipo? Ndili ndi uthenga wochokera kwa Madamu."

Mzime ali kuseri kwa chitseko anapukusa mutu mwamphamvu.

"Wagona, akudwala dzino," anatero Alamu.

"Ndi uthenga wabwino. Ndingomuuza pang'ono."

"Ukamuuza mawa, mwana iwe. Uthenga suwola."

Kenako mapazi a Namasamu anamveka akupita.

6. Lachisanu

M'mawa wa Lachisanu Mzime anatenga paudala wa alamu ake n'kupaka mochindikala pamwamba pa zilonda. Akaima patali ndi galasi, nkhope inkaoneka yotuwa, ndipo iye anadziuza kuti kutuwako ndiko kuyera. Anamanga mpango mpaka m'munsi mwa maso n'kunyamuka.

M'holo munkatentha. Ana onse a zisudzo anali atakhala pamabenchi. Mzime anayang'ana kuwindo lalikulu lija. Kunalibe mzere. Mayi Telala anali pampando pafupi ndi nsanja, manja ali pamwendo, opanda buku.

Namasamu anamukokera pabenchi. "Unali kuti? Dzulo ndinabwera. Ahedi anavomera Lachitatu, Madamu analengeza tonse tili pano. Chaka chino kulibe windo, kulibe wigi. Anati amene anawerenga bwino ndi amene atenge nyali." Anamufinya dzanja. "Ndiwe, mnzanga. Ine andipatsa zowerengera matikiti pakhomo. Ndagona tulo koyamba."

Thukuta linali litayamba kutsika pansi pa mpango wa Mzime, ndipo paliponse pamene linkadutsa pankaluma ngati mchere.

Madamu anawerenga mayina onse, kumalizira ndi la Mzime. Ana anawomba m'manja, ngakhale mnyamata wa chipongwe uja.

"Bwera kuno," anatero Madamu akumwetulira. "Mayi Telala akufuna akuyeze diresi. Apempha okha. Koma chotsa mpangowo, tione munthu amene tamusankha."

Mzime anakwera pansanja. Anamasula mfundo n'kukoka, koma mpango unakana. Unali utamatirira kutsaya. Anakokanso, ndipo pansalu panatuluka banga lofiira.

Mayi Telala anadzuka. "Usakoke. Wina abweretse madzi ofunda."

Anamukhazika pampando wawo. Ananyowetsa kansalu n'kuyamba kumatula mpangowo pang'onopang'ono, mmene amasulira ulusi pa nsalu yosalimba. Paudala anasungunuka n'kutsika m'khosi. Mpango utachoka, zonse zinaonekera: masaya osupuka, mphumi ya zilonda, ndi mawanga oyera ndi akuda mpaka m'makutu.

Palibe anaseka. Mtsikana wina wa chaka choyamba anabisa nkhope m'manja.

"Wakuchita zimenezi ndani, mwanawe?" anafunsa Mayi Telala. Mzime asanatsegule pakamwa, iwo anapukusa mutu. "Ayi, usandiyankhe. Mmodzi ndikumudziwa. Wakhala akuima pawindo apo zaka zonsezi."

Anakhala pansi pansanjapo, mayi wamkulu, beseni lili pamwendo, osadzukanso.

Madamu anatulutsa ana onse kupatula Namasamu, n'kuitanitsa anesi a pasukulu. Anesiwo anayang'ana nkhopeyo mbali zonse, ananunkhiza mpango, n'kupumira m'mwamba.

"Awa ndi mafuta oyeretsa aja. Chaka chino ndiwe wachitatu, koma anzakowo sanafike apa. Tamvera bwino. Lero lomwe upite kuchipatala chachikulu. Kwa masabata asanu ndi limodzi, mwinanso kuposa, usayende padzuwa, usapake kanthu kalikonse kupatula zimene akakupatse adokotala, ndipo usaime pansi pa magetsi otentha a pansanjawa. Ukachita makani zilondazi zilowa m'kati. Zipsera zina zidzatha, zina mwina ayi. Sindikunamiza."

"Sewero lili m'masabata atatu," anatero Mzime. Anali mawu ake oyamba tsikulo. "Madamu, ndikhoza kuvala chipewa. Ndikhoza kuima chakumbali. Mawu onse ndikuwadziwa."

"Ndikudziwa kuti ukuwadziwa," anatero Madamu, maso ali pansi. "Ndinakumenyera nkhondo masiku asanu ndi anayi, mu ofesi ya ahedi ndi kwa makolo a m'komiti. Ndinawauza kuti ndili ndi mwana amene akaima pamlatho, anthu adzaiwala chithunzi. Koma sindingakuike pansi pa magetsi uli chonchi."

Anatembenukira kwa Namasamu.

"Atsikana ena onse ali kale ndi mbali zawo. Watsala ndiwe. Uyambe kuloweza lero."

"Ma-ma-madamu," anatero Namasamu. Liwu lotsatira silinatuluke. Anangokhala pabenchi n'kuyamba kulira mosatulutsa mawu.

7. Njira ya Kuchipatala

Madamu anaimbira foni bambo a Mzime. Anafika pasanathe theka la ola, utuchi uli m'tsitsi ndi m'malaya. Anaima pakhomo la holo n'kuyang'ana mwana wawo. Anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya, anawavalanso.

Sanakalipe. Anathokoza anesi, anapepesa kwa Madamu chifukwa cha masiku awiri amene mwana anajomba, kenako anavula chipewa chawo n'kumuveka Mzime, akusamala kuti chisakhudze pamphumi.

"Tiye," anatero.

Anayenda m'mbali mwa msewu, Bambo ali mbali ya dzuwa kuti mthunzi wawo uzimugwera. Anadutsa sitolo ya zitsulo ndi malo okwerera basi osayankhulana. Mzime akanakonda bambowo akanamukalipira.

"Adokotala akafuna kuona mankhwalawo," anatero Bambo pomaliza. "Ali kuti?"

"Pansi pa matiresi."

"Mwana wa sukulu sadziwa kumene amasakaniza zinthu zotere. Pali wamkulu amene anakuikira m'manja. Ameneyo ali ndi ena m'kabati, ndipo mawa apatsa mwana wa munthu wina. Ndiyenera kumudziwa."

Mzime anayang'ana nsapato zake. Msewu wa kuchipatala unkadutsa pasaluni. Atakweza maso anaona alamu ake ataima pakhomo, dzanja limodzi lili pamimba, lina likutchinga dzuwa. Alamuwo anali atawaona kale. Anayamba kukweza dzanja kuti apereke moni kwa apongozi awo, koma ataona chipewa chili pamutu pa Mzime, dzanjalo linaima m'malere.

Bambo anaima pakati pa njira.

"Ndikufunsa kamodzi kokha, mwanangu, ndipo mabodza a sabata ino akwana. Anakupatsa ndani?"